Mpikisano wa ziphapha za madola 500

Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uyambe, magalimoto amandanda pamzere ngati odwala pachipatala. Ina yavekedwa ubweya thupi lonse, ina yasenza chimbudzi padenga, ina eni ake avala ngati asisitere ndipo akuikankha chifukwa yakana kulira. Kutsogolo kwa mzerewo kwaima woweruza atavala mkanjo wakuda wa kukhoti, nthawi zina ndi tsitsi loyera lochita kuvala lija. Amatsegula boneti, kusuzumira kunsi kwa galimoto, kuidinikiza pakona kuti aone ngati masipuling'i ake ndi otopa monga eni ake akunenera. Akatero amafunsa funso lomwe aliyense pamzerepo wakhala akulikonzekera kwa miyezi: mwati galimoto iyi yadya madola 500 okha?

Eni galimoto amatulutsa malisiti. Woweruza amawayang'ana mokayika. Kenako wina amatulutsa botolo la mowa, kapena mphika wa nyama, n'kuika patebulo anthu onse akuona. Woweruza amalandira osachita manyazi, n'kupopera penti pagalimotoyo chizindikiro chonena kuti apa paperekedwa chiphuphu. Khamu limaseka, mzere n'kusuntha.

Umu ndi momwe umayambira mpikisano wa ku America wotchedwa 24 Hours of Lemons, momwe anthu wamba amathamangitsa magalimoto otha ntchito omwe agula ndi kukonza okha pa ndalama zosaposa madola 500. Dzina lakelo ndi chipongwe chapawiri. Ku France kuli mpikisano wotchuka dziko lonse wa 24 Hours of Le Mans, womwe unayamba mu 1923, komwe makampani ngati Porsche, Ferrari, Audi ndi Toyota amathira ndalama zankhaninkhani kuti galimoto yawo ithamange usana ndi usiku osapuma. Ndiye m'Chingerezi cha ku America, galimoto yovuta, yomwe umaigula lero mawa ili kwa makaniko, amaitcha lemon, kapena kuti ndimu, chipatso chooneka bwino koma chowawasa mkamwa. Mukaphatikiza ziwirizi mwapeza mpikisano wa mandimu.

Anauyambitsa ndi Jay Lamm, mlembi wa nkhani za magalimoto wa ku California. Iye ankapita nawo ku ulendo wina wotchedwa Double 500, womwe ankakonza Martin Swig, wamalonda a magalimoto wa ku San Francisco, pomwe anthu ankayenda makilomita 500 pamsewu ndi galimoto ya madola 500. Lamm anaona kuti ziphapha zambiri zikumafika ndithu kumapeto, ndiye anaganiza zozipatsa mayeso owawa: kuzitsekera m'bwalo la mpikisano kuti zizungulire mpaka zife. Mpikisano woyamba unachitika mu October 2006 pa Altamont Motorsports Park, kufupi ndi tauni ya Tracy, kum'mawa kwa San Francisco. Bwalo limeneli linali ndi mbiri kale, yosakoma: ndi pomwe mu 1969 panachitikira phwando lalikulu la zoimbaimba lomwe linathera m'chipwirikiti, munthu n'kuphedwa pafupi ndi nsanja. Lamm ankayesa ndi nthabwala ya kamodzi kokha. Magazini a magalimoto atalemba za mpikisanowo, anthu a m'madera ena anayamba kufunsa kuti kwathu mubwera liti.

Bwalo la Altamont linali laling'ono, magalimoto ochuluka, ndipo mipikisano yoyambirira inkakhala ngati ng'ombe zikulimbirana pakhomo la khola. Kugundana kunali kosayamba. Bwalolo linatsekedwa mu 2008, koma pofika nthawiyo mpikisano unali utafalikira kale m'mabwalo akuluakulu a m'madera ena a dzikolo. Mu September 2014, pa Thunderhill Raceway kumpoto kwa California, magalimoto 216 ananyamuka pamodzi, ndipo a Guinness World Records analemba kuti chiwerengero chotero sichinaonekepo pampikisano umodzi wa magalimoto. Patapita nthawi anthu a ku Australia ndi New Zealand nawo anayambitsa yawo.

Choyamba chomwe mlendo ayenera kudziwa n'chakuti maola 24 a m'dzinawo nthawi zambiri ndi bodza. Mipikisano yambiri imatenga maola pafupifupi 14, ogawidwa pa Loweruka ndi Lamulungu, ndipo usiku wa Loweruka umakhala wosintha mainjini, kuwotcherera zothyoka ndi kuwotcha nyama. Ya maola 24 enieni imachitika mwa apo ndi apo. Chachiwiri n'chakuti madola 500 nawonso ndi bodza la theka, ndipo apa ndi pomwe pali nkhani.

Lamulo limati mtengo wogulira galimoto ndi zonse zoikonzera kuti ithamange zisapose madola 500. Koma zida zoteteza moyo saziwerengera. Chikhola cha zitsulo chomwe amawotcherera mkati mwa galimoto kuti denga lisaphwanye dalaivala ikagubuduzika, mpando wampikisano, malamba ake, chozimira moto, mabuleki, matayala ndi malimu, zonsezi mutha kuwonongerapo ndalama zomwe mungafune. Onjezani chisoti ndi zovala zosagwira moto za dalaivala aliyense, ndalama yolembetsera, mafuta a masiku awiri, ngolo yokokera galimoto, chakudya cha gulu lonse. Galimoto ya madola 500 ikamafika pamzere wonyamukira imakhala itameza madola masauzande angapo. Amene amaganiza kuti alowa mpikisanowu ndi ndalama ya m'thumba la malaya amazindikira msanga kuti anamva molakwika.

Ndiye lamuloli phindu lake n'chiyani? Limatchinga ndalama pamalo amodzi okha, pomwe ndalama zimagula liwiro. Vuto la masewera a magalimoto kuyambira kalekale n'lakuti wolemera ndiye amapambana. Mpira wamiyendo, mwana wosauka wopanda nsapato atha kuposa mwana wa bwana. Pagalimoto ayi. Wogula injini yamphamvu ndi masipuling'i abwino amakusiya ngakhale iwe uli katswiri pachiwongolero, ndipo chaka chamawa nawenso umakakamizika kugula zomwezo, mpaka onse osauka atatuluka. Lamm anati zoteteza khosi lako gula zodula momwe ungathere, koma zothamangitsa galimoto ukazifune kodzala.

Pali kakhomo kena kololedwa. Mukagula chiphapha pa madola 900 n'kugulitsa mipando, wailesi, magalasi ndi zina zosafunika pampikisano n'kupezapo 500, ndiye kuti galimotoyo yakudyerani 400, ndipo mwatsala ndi 100 yogulira zina. Choncho magulu ochenjera amasaka galimoto yomwe ziwalo zake zili ndi msika. Amasunga zithunzi za malonda, malisiti ndi makalata onse, n'kubwera ndi faelo yonenepa ngati ya mlandu wa malo.

Koma lisiti aliyense atha kulemba. Mnzako wa garaja atha kukupatsa injini yatsopano n'kulemba kuti wakugulitsa madola 50. Ena amapaka oilo wakuda ndi dothi paziwalo zatsopano kuti zioneke zakale, ena amazipopera penti ya mtundu wa dzimbiri. Okonza mpikisano anadziwa kuyambira pachiyambi kuti sangathe kulondola dola iliyonse, ndiye sanayese n'komwe. M'malo mwake anapereka mphamvu zonse kwa oweruza aja. Woweruza akaona kuti mwapyola malire, amakuchotserani ndime imodzi, kutanthauza ulendo umodzi wozungulira bwalo, pa madola 10 aliwonse omwe iye akuganiza kuti mwawonjezera. Akati mwabisa madola 1,000, mumanyamuka muli ndi ngongole ya ndime 100. Palibe apilo. Sakuthamangitsani, mutha kuthamanga momwe mungafunire, koma chikho mwachiphonya musanalize n'komwe injini.

Ine ndimaona kuti nzeru yeniyeni ya mpikisanowu ili pamenepa. Mabungwe ena a masewera amalemba mabuku amalamulo a masamba mazanamazana, ndipo olemera amalemba ntchito akatswiri ofufuza mipata m'malamulowo. Kuno lamulo ndi lalifupi, woweruza ndi wokondera poyera, ndipo chiphuphu chili patebulo pomwe aliyense akuchiona. Chinthu chomwe kwina chimachitikira kuseri, kuno anachisandutsa sewero, ndipo chikasanduka sewero mphamvu yake imatha. Botolo la mowa silingafafanize injini ya madola 5,000. Likhoza kungofewetsa mtima wa woweruza pa zazing'ono. Mmodzi mwa oweruza odziwika kwambiri ndi Phil Greden, yemwe amalemba nkhani za magalimoto a kumasikirapu pa dzina loti Murilee Martin. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akuyendayenda m'masikirapu amadziwa mtengo wa chiwalo chilichonse, ndipo kumunamiza ndi ntchito.

Oweruza omwewo ndi amene amagawa magalimoto m'magulu atatu, A, B ndi C, osatengera kukula kwa injini koma mongoyang'ana. Gulu A ndi la omwe angathe kupambana, B la omwe angathe kumaliza, C la omwe kungofika pabwalo n'chozizwitsa kale. Mukabwera ndi Mazda Miata kapena BMW ya mtundu wa E30, magalimoto omwe aliyense amadziwa kuti ndi abwino pampikisano, woweruza amayamba wakwinya nkhope musanatsegule pakamwa. Mukabwera ndi galimoto yachilendo yomwe ziwalo zake zinasiya kupangidwa agogo anu ali anyamata, amakulandirani ngati mwana wobwera kuchokera ku Joni, ndipo za malisiti mwina safunsa n'komwe.

M'zaka zoyambirira munali zida zina ziwiri zoopsezera onyenga. China chinali chakuti okonza mpikisano ali ndi ufulu wogula galimoto iliyonse pa madola 500 mpikisano ukatha. Sankachigwiritsa ntchito kawirikawiri, koma kungodziwa kuti chilipo kunali kokwanira kumuganizitsa kawiri munthu wofuna kubisa injini yodula. China chinali choopsa zedi, chotchedwa People's Curse, ngati kunena kuti temberero la anthu. Mpikisano uli mkati, magulu onse ankavota kusankha galimoto yomwe yawanyansa kwambiri, kaya chifukwa chonyenga kapena chifukwa choyendetsa mwamwano. Yosankhidwayo ankaiphwanya pamaso pa eni ake, nthawi zina ndi chimakina chokumbira misewu chomwe chinkaitola ndi dzino lake n'kuifinya ngati chitini. Khamu linkakuwa mokondwa. Mwambowu anadzausiya, ndipo sindikuudandaula. Chilungamo cha gulu chimakoma ukakhala kumbali ya oponya miyala, koma kuona anthu omwe agona m'garaja miyezi itatu akuyang'ana thukuta lawo likusanduka chitsulo chopindika si nthabwala yomwe ingakhalitse.

Maganizo ogula galimoto ya mnzako mokakamiza sanayambire ku California. Ku Finland kuli mpikisano wakale wotchedwa jokamiehenluokka, kutanthauza gulu la munthu aliyense, womwe ku Sweden amautcha folkrace. Kumeneko mpikisano ukatha, munthu atha kupereka mtengo woikika pa galimoto iliyonse yomwe yathamanga, ndipo mwini wake akakana kugulitsa amamulanda chiphaso. Palibe wamisala amene angathire chuma m'galimoto yomwe madzulo ano itha kupita ndi mlendo. Ku America komweko, magazini ya Grassroots Motorsports inayambitsa mu 1999 mpikisano wake wa magalimoto a madola 1,500, ndipo kwa zaka zambiri malire a ndalama ankafanana ndi chaka, madola 2005 mu 2005, madola 2012 mu 2012. Kwa zaka zambiri wakhala ukuchitikira ku Gainesville, m'chigawo cha Florida, koma uwo ndi woyesa liwiro pa kamtunda kafupi ndi luso la kamangidwe, osati kupirira. Ndipo mu 2009 kunabadwa ChumpCar, yomwe inatengera za madola 500 koma n'kusiya zisudzo. Pano imatchedwa ChampCar.

Zisudzozo si zokongoletsa chabe. Gulu lililonse limayembekezeka kubwera ndi mutu wake, galimoto yokongoletsedwa ndi anthu ovala mogwirizana nawo, ndipo malo akachepa okonza amasankha magulu oseketsa n'kusiya ouma. Cholinga chake n'chozama kuposa momwe chimaonekera. Mwamuna wovala ngati nkhuku n'kovuta kuti adzione ngati katswiri wa dziko lonse. Ngozi zambiri pampikisano wa anthu wamba zimabwera ndi dalaivala amene magazi amuwira n'kuyamba kuganiza kuti akapanda kumupitirira mnzake pakona iyi dziko litha. Ndipo kumbukirani kuti ambiri mwa anthuwa sanayambe athamangitsapo galimoto pabwalo. Chiphaso wamba choyendetsera galimoto pamsewu ndi chokwanira kuti munthu alembetse.

Wolakwitsa pabwalo, kaya wagunda mnzake, watuluka mumsewu kapena wapitirira ena pomwe mbendera yachikasu ikuchenjeza za ngozi, amamuonetsa mbendera yakuda, ndipo amayenera kukaonekera kwa oweruza. Zilango zake n'zomwe zinatchukitsa mpikisanowu. Ena awawotchererapo chifanizo chachitsulo cha nkhumba kapena nkhuku padenga la galimoto kuti azizungulira nacho mpaka mapeto. Ena alembetsedwapo chiganizo chimodzi kambirimbiri pathupi la galimoto, ngati mwana wa pulayimale wogwidwa akulongolola m'kalasi. Ena apakidwapo manyuchi n'kuthiridwa nthenga. Ena amangiriridwapo padenga la galimoto yawo ndi pulasitiki, n'kumayendetsedwa pang'onopang'ono pakati pa magulu onse akupepesa pa chimkuzamawu. Wogubuduza galimoto ndiye zake zathera pomwepo, sabwereranso pachiwongolero pampikisanowo.

Kuseri kwa kusekako kuli masamu ozizira. Wopambana ndi amene wazungulira ndime zambiri pomwe nthawi ikutha, basi. Tiyerekeze kuti ndime imodzi imatenga mphindi ziwiri. Dalaivala wa phuma amene amapulumutsa masekondi awiri pa ndime iliyonse ayenera kuzungulira ka 60 kuti apeze ndime imodzi yokha yapamwamba. Akalakwitsa kamodzi n'kukhala mphindi 20 akulemba ziganizo paboneti, wataya ndime 10, phindu la maola ambirimbiri. Akatenthetsa injini, wataya tsiku. N'chifukwa chake magulu omwe amapambana kawirikawiri sakhala aliwiro loposa onse. Amakhala omwe galimoto yawo simwa mafuta kwambiri, omwe amasinthana madalaivala mwachangu, omwe oweruza sawadziwa n'komwe nkhope. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo pano mawuwo amachita kuwerengeka pa bolodi.

Chimapha magalimotowa n'chiyani? Kutentha, makamaka. Galimoto yomwe yakhala zaka 20 ikupita kumsika ndi kutchalitchi imadzidzimuka ikauzidwa kuti ilire mothetsa mawu kwa maola asanu ndi awiri. Gasiketi imapsa, madzi n'kusakanikirana ndi oilo. Pakona yakuthwa oilo amathawira mbali imodzi, pampu n'kuyamwa mpweya, mabering'i n'kuyamba kugogoda, ndipo posakhalitsa chitsulo chimaboola injini n'kutulukira panja. Mabuleki amafuka utsi. Mawaya okalamba amaduka pomwe sungawaone. Chodabwitsa chomwe anthu a mpikisanowu anaphunzira n'chakuti magalimoto apamwamba a injini zikuluzikulu, omwe anali a mabwana ali atsopano, nthawi zambiri ndi omwe amayamba kugwa, pomwe timagalimoto tonyozeka ngati Volvo 240 yooneka ngati bokosi timangozungulira osadandaula. Loweruka usiku mumaona anthu atagona chagada pansi pa galimoto, tochi kukamwa, wina atathamangira kusikirapu ya m'tauni yapafupi, wina akuitana munthu wosamudziwa amene walengeza pa intaneti kuti akugulitsa chiphapha cha mtundu womwewo. Gulu lomwe masana mumalimbana nalo ndi lomwe limakubwerekani jeke ndi makina owotcherera. Makaniko aliyense wa pansi pa mtengo, amene anamangapo ekizozi ndi waya kuti minibasi ifike kudepoti, angamve kuti ali kwawo.

Mphotho yomwe anthu amaisirira kwambiri sipita kwa woyamba. Imatchedwa Index of Effluency, dzina lonyoza mphotho ina yakale ya ku Le Mans yotchedwa Index of Thermal Efficiency, yomwe inkapita kwa galimoto yochita zambiri ndi mafuta ochepa. Liwu lomwe anasinthalo limanena za madzi onyansa otuluka m'mipope ya zimbudzi. Imaperekedwa kwa gulu lomwe lachita zoposa zomwe galimoto yawo yoipitsitsa inkayenera kuchita. Chiphapha cha ku Britain cha m'ma 1960 ngati Humber Super Snipe, kapena Yugo ya ku Yugoslavia yomwe Amereka ankaiseka ili yatsopano, chikamaliza pakati pa mndandanda ndiye kuti chachita zazikulu kuposa BMW yomwe yakhala yoyamba. Ngakhale ndalama za mphotho anaziika chadodolido: m'malamulo a zaka zapitazi wopambana gulu A amalandira madola 400, wa B 500, wa C 600, ndipo wa Index of Effluency 601, kuposa wa C ndi dola imodzi.

Kaperekedwe kake nakonso n'kachipongwe. M'zaka zoyambirira wopambana ankalandira madola 1,500, koma onse m'makobidi a masenti asanu omwe Amereka amawatcha nickel. Ndi makobidi 30,000. Lililonse limalemera magalamu asanu, ndiye onse pamodzi ndi makilogalamu 150, kulemera kwa matumba atatu a chimanga. Munthu wotopa ndi masiku awiri a dzuwa ndi utsi ankayenera kuganiza za momwe anyamulire chuma chakecho, ndi nkhope yomwe akamuonetse wa kubanki Lolemba. Mu 2019 okonza analengeza kuti gulu loyamba kupambana mpikisano wonse ndi galimoto yoyendera magetsi okhaokha lidzalandira madola 50,000, m'makobidi omwewo. Amenewo ndi makobidi 1 miliyoni, matani asanu, matumba 100. Vuto la galimoto ya magetsi pano si liwiro koma nthawi yomwe imatha ikudya moto pomwe anzake akuzungulira.

Pa anthu onse omanga zodabwitsa, dzina lomwe limatchulidwa kwambiri ndi la Jeff Bloch, yemwe ankagwira ntchito ya upolisi ndipo amadziwika kuti Speedycop. Iye anatenga thupi la Chevrolet Camaro, kulitembenuza chadodolido, n'kuliveka pa kagalimoto kakang'ono ka Ford Festiva, moti pabwalo inkaoneka ngati galimoto yogubuduzika ikuthamanga matayala ali m'mwamba. Anatenganso ndege yakale ya Cessna 310 ya mu 1956, kuichotsa mapiko, n'kuikhazika pa Toyota yonyamula anthu, ndipo anaithamangitsa mu 2013. Pambuyo pake anachita zofananazo ndi helikopita, kenako ndi kombi ya Volkswagen yogonekedwa cham'mbali. Palibe mwa izi chomwe chinamangidwa kuti chikhale choyamba. Zonse zinayenera kudutsa kaye kwa oyendera zachitetezo, omwe ndi anthu osiyana ndi oweruza a mikanjo aja. Iwowa savala tsitsi lochita kuvala, salandira botolo, ndipo akapeza kuti chikhola chazitsulo chawotchereredwa mwaulesi amakubwezani, kaya mwachokera kutali bwanji. Gulu lotero limakhala usiku wonse wa Lachisanu likudula ndi kuwotchereranso, kuti m'mawa likaimenso pamzere.